Kaya Mawa, Asibweni

Chaka chimene fodya wawayanja, asibweni anga a ku Bolero mumawadziwira pa kayendedwe. Phazi limatera mosathamanga, chipewa chimapendekera mbali imodzi, ndipo moni amayankha ngati munthu amene akuwerengera kanthu mumtima. Atabwerako ku okushoni ku Mzuzu anandiimbira foni usiku, mawu atatsitsa ngati kwagwa zovuta.

"Muphwa, ndikufuna ndiwatenge amama tikapume pa chilumba."

"Ku Chilumba cha ku Karonga, asibweni?"

"Iwe, chimene chija n'chilumba? Minibasi imakakutula pakhomo. Ndikunena chilumba chenicheni, madzi uku ndi uku, kumene tenanti sangandipeze kudzapempha ya sopo. Ndipo usandipezere resiti ya nsikidzi. Ndikufuna kumene amagona mabwana."

Kwa a kumwera ndi pakati, asibweni ndiye malume m'Chitumbuka cha kwawo kwa mayi anga. Bamboyu ndi mkulu wa mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Livingstonia, mowa sakhudza, ndipo dola amaidziwa kuposa ine wa m'tauni, poti pa okushoni fodya amamutchula mtengo m'madola. Koma chinthu chilichonse chachikulu iwo amachiyeza ndi mabelo. Njinga yamoto ndi mabelo akuti, malowolo a mwana wawo anali mabelo akuti. Ine ntchito yanga inali kuimba mafoni, kutolera timabuku ta zithunzi, ndi kumasulira mitengo kuchoka m'madola kupita m'mabelo.

* * *

Nkhani tinaikambira pansi pa mtengo wa mango, banja lonse lilipo. Msuweni wanga amene anakhalako ku Joni ndiye anayamba kudzionetsa. Akuti chilumba ndi Mauritius, apo ayi Zanzibar: mukwere basi mpaka pa Songwe, mudutse Mbeya, mukafike ku Dar es Salaam, kenako sitima ya pamadzi. Asibweni ankagwedeza mutu mokhutira mpaka pamene anamva kuti madzi akumeneko ndi amchere.

"Sungamwe?"

"Ayi, adada."

"Sopo amachita thovu?"

"Movutikira."

"Ndiye nyanja yonseyo anthu amangoiyang'ana basi? Bwererani kuno kwathu."

Tinabwerera. Ndinatchula Mumbo ndi Domwe, tizilumba ta pafupi ndi Cape Maclear ku Mangochi, m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. Ndinawerenga monyadira kuti pa Mumbo palibe mudzi ngakhale umodzi, alendo amakhala okhaokha ndi mbalame.

"Anthu anathawa chiyani?" anafunsa amama, akazi awo a asibweni.

"Sanathawe, amama. Sipakhala anthu basi."

"Malo abwino, madzi ali pomwepo, nsomba zili pomwepo, koma opanda mudzi? Mwana wanga, pali chimene chimayenda usiku pamenepo."

Tinatsala ndi Likoma. Pamenepa panabuka nkhani ya pasipoti, chifukwa msuweni anaulula kuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Asibweni anaganiza kanthawi, n'kunena kuti akumvetsa: zili ngati munda wawo wa kudambo, umene kuti ukaufike uyenera kudutsa m'chimanga cha munthu amene simulankhulana.

* * *

Agogo, mayi wawo wa asibweni, maso anayamba kuchita nkhungu koma makutu akadali a mtsikana. Atamva msuweni akuti malo abwino ndi a nyenyezi zisanu, anasiya kusosa mtedza.

"Zisanu zokha? Kumeneko kumakhala mitambo chaka chonse?"

Tinawafotokozera kuti nyenyezi zake n'zoyezera ubwino, ngati magiredi a fodya.

"Wa nyenyezi imodzi sagona?"

"Amagona, agogo."

"Nanga wa zisanuyo akagona amalota zina?"

Palibe anayankha. Agogo anabwerera ku mtedza wawo akung'ung'udza kuti iwo akatuluka usiku nyenyezi zimachita kuthithikana kuchokera ku Nyika mpaka ku Hewe, ndipo palibe anawaperekapo lisiti.

* * *

Timabuku ta zithunzi tinawasautsa asibweni kuposa mitengo. Muyenera kudziwa kuti bamboyu anatha theka la moyo wawo akulimbana ndi udzu. Nyumba yawo yoyamba inkadontha moti dzinja likafika amama ankandandalika miphika pansi ngati ali pa msika. Malata anagula limodzilimodzi, chaka ndi chaka, n'kumawasunga pansi pa bedi, ndipo tsiku limene mmisiri anakhoma lomaliza kunaphedwa mbuzi. Lero akutsegula kabuku ka malo a madola mazanamazana usiku umodzi, n'kupezamo denga la udzu.

"Awa sanamalize kumanga?"

"Anamaliza, asibweni. Azungu amakonda choncho."

Tsamba lachiwiri linali bafa lopanda denga, mpanda wa bango, munthu akusamba maso ali kumwamba.

"Ili ndi bafa la tenanti wanga."

Tsamba lachitatu, tebulo pamchenga, kandulo pakati, mwamuna ndi mkazi akudya mumdima.

"Tsiku lojambula magetsi anazima?"

"Anazimitsa dala. Akuti ndicho chikondi."

Amama anaseka mpaka kugwira nthiti. "Adada, ndiye zaka zonse zija za koloboyi chinali chikondi? Bwanji osanena? Ine ndimayesa umphawi!"

Nditawerenga kuti kumalo ena m'chipinda mulibe wayilesi ya kanema, foni imagwira mwa apo ndi apo, ndipo alendo amawalimbikitsa kuyenda osavala nsapato, asibweni anatseka kabuku kaja pang'onopang'ono, n'kuvula magalasi.

"Muphwa, undiuze zoona. Anthuwa atola umphawi wanga wakale umene ndinataya kudzala, aupukuta, ndiye akufuna ndiugulenso ndi madola?"

Ndinayesa kuwaikira kumbuyo eni malowo, poti kunena zoona udzu umaziziritsa nyumba, ndipo amene anagonapo m'nyumba ya malata kunyanja mwezi wa Okutobala amadziwa mmene mbatata imamvera m'phulusa. Iwo anati zimenezo akuzidziwa bwino, koma chibadwire sanamvepo kuti munthu waphera mbuzi denga la udzu.

* * *

Mafoni anatiphunzitsa kuti mtengo wa chipinda umayendera mphuno. Msuweni anaimba pa loji ina ndi Chingerezi chake cha ku Joni chotulukira m'mphuno, ndipo anamulandira ngati nduna, n'kumutchulira mtengo m'madola. Ine ndinaimba pomwepo m'Chichewa, kufunsa ngati pali mtengo wa ife a konkuno, poti malo ambiri otere amakhala ndi mitengo iwiri, wa alendo akunja ndi wa okhala m'dziko muno. Unalipodi, wotsikirapo ndithu. Asibweni ataona kuti chilankhulo chikamayandikira kumudzi mtengo ukutsika, anati aimbe okha m'Chitumbuka, mwina akagona ulere.

Anayamba ndi "Monire mose." Anafunsa za ana, za odwala, za mvula ya chaka chatha, mayunitsi akungopita. Kenako anamvetsera kanthawi, anathokoza, n'kudula.

"Akuti bwanji, asibweni?"

"Akuti nkhuku ali nazo kale. Ndiyesenso mwezi wamawa."

* * *

Mtengo uja unali ndi mchira. Pansi pake analembapo timalemba tofuna magalasi, toti ndalamazo ndi za munthu mmodzi, usiku umodzi, ngakhale mugone awiri.

"Bedi ndi limodzi?"

"Limodzi."

"Chitseko?"

"Chimodzi."

"Ndiye amama akulipira chiyani? Abusa anatimanga pamaso pa mpingo wonse kuti ndife amodzi. Uwauze anthuwo kuti satifiketi ndili nayo, ndibwera nayo."

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, asibweni anaphunzira kuti dola ili ndi nkhope ziwiri: pa okushoni imamwetulira, kogula feteleza imaluma. Tsopano anakumana ndi nkhope yachitatu. Nditamaliza masamu, usiku umodzi wa anthu awiri unatuluka mabelo amene sindiwatchula pano, kuopa kuti matenanti awo amawerenga nyuzipepala.

Chinawatonthoza n'chakuti zonse zinali m'kati mwa mtengowo: chakudya katatu, tiyi, zakumwa. Anasangalala mpaka pamene ndinawerenga kuti m'zakumwamo muli mowa ndi vinyo. Mkulu wa mpingo kulipirira mowa! Anatenga pensulo, natembenuza seloshiti ya fodya, nayamba kuwerengera kuti mzungu waludzu angamwe mabotolo angati kuchokera m'mawa mpaka usiku, ndalamazo n'kuzisandutsa Fanta. Yankho linatuluka kireti ndi theka.

"Amama, muyambe kuzolowetsa mimba. Sitikasiyako kanthu."

* * *

Kumwera kwa chilumba cha Likoma kuli malo otchuka kwambiri kwa alendo akunja, dzina lake Kaya Mawa. Ndili m'kati mowerengera asibweni maina a malo, amama anafuula ali kukhitchini:

"Adada, kodi ulendowu ulipodi? Tinyamuka liti?"

Ine maso ali pa kabuku, ndinangopitiriza kuwerenga mokweza: "Kaya Mawa."

Chivundikiro cha poto chinagwa pansi.

"Ndinadziwa ine! Zaka 34 yankho lake lomwelo. Makina osokera, kaya mawa. Simenti ya pakhonde, kaya mawa. Lero mwaphunzitsanso mwana wa mlongo wanu!"

Zinatenga nthawi kuwatsimikizira kuti limeneli ndi dzina la malo. Atamvetsa anati amene anatcha dzinalo ayenera kuti anakwatiwako ku Bolero.

* * *

Pa Bolero nkhani siigona m'nyumba imodzi. Tsiku lachitatu kunabwera aphunzitsi opuma, amene anaphunzira ku Livingstonia nthawi imene mwana wasukulu ankamenyedwa chifukwa cha koma yolakwika. Anakhala pampando, anapempha kabuku kaja, anakayang'ana motalikitsa dzanja.

"Gombe ili ndikulidziwa. Azungu oyamba a mishoni yathu anafikira pomwepa, ku Cape Maclear, mu 1875. Kokongola zedi. Malungo anawapulula. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, gombe linanso lokongola. Malungo anawalondola. Mu 1894 Dr Robert Laws anati zakwana, anakwera phiri kukamanga ku Khondowe, kuno kwathu ku Rumphi, kumene udzudzu umafika utatopa. Msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba uli ndi makona 20. Mukuganiza kuti munthu amakhota kokwana 20 pothawa chinthu chabwino?"

Anamwa tiyi, n'kupitiriza.

"Ndiye agogo awo anathawa gombe kukwera phiri. Zidzukulu zikuwoloka nyanja zamchere kudzalipira gombe lomwelo, zitamwa mankhwala a malungo, zitagona m'masikito aakulu ngati tenti ya ukwati. Inu a mkulu wa mpingo mukanangokhala phee pomwe mulipa. Zinthuzi zimazungulira. Tsiku lina Bolero idzafika pa fasho."

Asibweni sanayankhe, koma ndinaona kuti mawuwo awasunga penapake.

* * *

Vuto lina linali la m'nyumba momwemo. Amama kwawo ndi ku Mlowe, kunyanja, m'boma lomweli la Rumphi. Anthu ambiri akamva Rumphi amaganiza za mapiri, fodya ndi khofi wa ku Phoka, kuiwala kuti bomali limatsetsereka mpaka kukaponda m'madzi ku Chiweta, Mlowe ndi Tcharo. Ndiye chilichonse chimene kabuku kankatamanda, amama anali atachigwiritsapo ntchito.

"Mchenga woyera, wosalala."

"Ndinkatsukira mapoto."

"Kuona dzuwa likutuluka m'nyanja."

"Ndinkaliona tsiku ndi tsiku ndikuvuula chinangwa."

"Kukwera bwato madzulo."

"Kukatani? Kuchipatala?"

Iwo mtima wawo unali ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, kumene kuli nyumba zamatabwa, moto wa nkhuni m'chipinda, mabulangete atatu, ndi mbidzi zikudya msipu panja. Nyika ndi nkhalango yotetezedwa yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Asibweni anakana kwamtuwagalu.

"Kuzizira ndikakugule? Mu Juni kumatsika kokha kuchokera ku Nyika komweko kudzandipeza pabedi, osandilipiritsa."

Mnzawo wina amene munda wake uli kufupi ndi Vwaza anawonjezera kuti iye zokopa alendo anasiya kuzimvetsa kalekale. Alendo amalipira kuti akaone njovu pa nyanja ya Kazuni, pamene iye njovu zomwezo zimamuyendera m'chimanga usiku popanda kuziitana. Anati mlendo wofuna njovu abwere adzagone m'munda mwake, amupatsa ndi chitini choti aziimba.

Mapeto ake anagwirizana chonchi: chaka chino Likoma, Chelinda kaya mawa.

* * *

Ndalama za fodya zimabwera nyengo imodzi ndi mwera, mphepo ija imawomba panyanja kuchokera kumwera miyezi yozizira. Zimenezi m'kabuku munalibe. Pa Likoma pamatera tindege ting'onoting'ono, koma asibweni atamva mtengo wake anati munthu sangawotche belo lathunthu mumlengalenga osatsala ndi phulusa lomwe. Tinakakwera Ilala pa Nkhata Bay. Ine ananditenga ngati womasulira ndi wonyamula zikwama, atanenetsa kuti nyenyezi zanga ndikazipeza ndekha ku resiti.

Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Asibweni atamva chakacho anavula chipewa, akuti ndi mkulu wawo. Anavala suti ya tsiku la Mgonero, tayi, ndi nsapato zopolisha, poti munthu sapita kwa mabwana ngati akupita kudimba.

Titafika pakatikati, kumene Nkhata Bay sikuoneka ndipo Chizumulu sichinatulukire, mwera unayamba ntchito yake. Amama anakhala phee pa chikwama akudya usipa wowamba ndi chinangwa ngati ali pakhonde. Asibweni, munthu wa kumtunda amene madzi aakulu amene ankawadziwa ndi South Rukuru pa Njakwa, anamasula tayi, anagwira chitsulo ndi manja awiri, n'kundikodola.

"Muphwa, mvetsera. Ng'ombe yakuda ija ndi ya mayi ako, ndinangoisunga. Ndalama zina zili m'chitini cha utoto kuseri kwa chigafa, amama sakudziwa. Malire a munda wa kudambo ndinasunthadi ine, osati mvula."

Mphepo itadekha, anamanganso tayi, nayang'ana nyanja kwa nthawi yaitali.

"Zimene ndimanena zija unalemba?"

"Ayi, asibweni."

"Wachita bwino. Anali malungo."

"Chitini cha utoto chija ndamva," anatero amama, osatembenuka n'komwe.

* * *

Loji imene tinasankha sinditchula dzina. Anatilandira bwino kwambiri, ndipo zonse zimene zinalakwika zinalakwika ndi ife.

Pofika penipeni mnyamata anabwera ndi mbale ya timathaulo tonyowa, tozizira. Asibweni anatenga kamodzi, anapukuta kumaso, anapukuta m'khosi, anawerama n'kupukuta nsapato, kenako anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la jekete, poti zonse zili m'kati.

Chitseko cha chipinda chitatsegulidwa, amama anaima chilili pakhomo. Pabedi anali atamwazapo maluwa ofiira, ena atawayala mozungulira ngati nkhata.

"Wamwalira ndani muno?"

Mtsikana wosamalira zipinda anafotokoza kuti msuweni poimba foni ananena kuti ndi ulendo wokumbukira ukwati. Amama anathokoza mwaulemu, anapempha tsache, n'kusesa okha. Pakati pa bedi panali thaulo lopindidwa ngati tsekwe, khosi lake lokhota bwino. Limenelo palibe analikhudza. Asibweni atasamba m'bafa lopanda denga lija anadzipukuta ndi chitenje cha amama, akuti sakudziwa kuti kumasula tsekwe ndi ndalama zingati.

Masana tinatsikira kugombe. Azungu anali atagona ndandanda padzuwa, atadzola mafuta, akutembenuka nthawi ndi nthawi. Amama anawayang'ana ndi diso la munthu wa ku Mlowe.

"Uyo wakumapetoyo wauma, amuchotse pathandala."

Pafupi ndi nyanja, mtunda woti mwana angaponye mwala, panali dziwe losambiramo lomangidwa ndi simenti. Asibweni anayang'ana dziwe, anayang'ana nyanja, anayang'ananso dziwe, n'kunena kuti anthu ena angathe kukumba chitsime m'kati mwa mtsinje.

Mnyamata wina anabwera ndi magalasi olowera m'madzi kuti tikaone mbuna, tinsomba ta mitundu yowala tokhala m'miyala, timene tinatchukitsa nyanja yathu poti ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere.

"Tikaziona, kenako?"

"Kenako tibwerako, bwana."

"Opanda nsomba?"

"Opanda nsomba."

"Ndiye nsombazo nazonso zimalipira potiona ife?"

Za kutikita minofu zinatha msanga. Atangomva kuti wotikitayo ndi mtsikana, ndipo bambo amavula malaya, amama anati msana umenewo akhala akuutikita zaka 34 ndi mafuta a nsatsi popanda dola ngakhale imodzi, ndipo ngati pali ndalama yotikitira, ibwere kuno.

* * *

Chakudya chamadzulo chinali pamchenga, kandulo pakati, monga m'kabuku muja. Mbale inabwera yaikulu ngati lichero, pakati pake kanthu kangati bokosi la machesi, kali ndi tsamba pamutu. Asibweni anapemphera pemphero lalitali kuposa chakudyacho, anameza kamodzi, n'kuuza woperekera zakudya kuti mchere uli bwino, atha kupakula.

Kenako kunabwera kampango. Koma anali kampango wa mnofu wokhawokha, wopanda minga, wopanda mchira, wopanda mutu. Amama anamutembenuza ndi foloko, n'kukodola mnyamata uja.

"Mwana wanga, nsomba iyi yachita ngozi?"

"Ayi, amama, alendo amakonda choncho."

"Mutu uli kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, anawerama, n'kunong'ona. "Mitu timadya ndife kukhitchini, amama. Ndi kondowole."

Amama anapinda kansalu ka pamiyendo, anaimirira, anakonza chitenje.

"Adada, inu khalani ndi kandulo wanu. Mabwana enieni ali kuseri."

Anabwerako patatha ola ndi theka, manja akununkhira msuzi, atadziwa kale kuti wophika wamkulu ali ndi azakhali ake ku Usisya. Asibweni anali akadali pamchenga okhaokha, ali pa Fanta wachisanu ndi chinayi, nkhope ikuoneka ngati ya munthu amene akugwira ganyu.

* * *

M'mawa ndinabwera kuchokera ku resiti yanga ya ku Mbamba, kumene ndinagona ngati mwala pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Ndinawapeza asibweni atakhala pakhonde la chipinda, suti ili m'thupi, maso ali psuu.

"Simunagone, asibweni? Udzudzu?"

"Mulibe udzudzu."

"Bedi?"

"Bedi ngati mtambo."

"Nanga?"

"Muphwa, ndinawerengera. Ola lililonse m'chipinda muno ndi thumba la feteleza. Ndiye nditseke maso, matumba azidutsa ine osawaona? Kugona ndikagona ku Bolero, n'kwaulere. Kuno ndinabwera kudzaona ndalama zanga."

Usiku wonse anayatsa ndi kuzimitsa nyali iliyonse, anakhalapo pa mpando uliwonse, anasamba kawiri, ndipo cha m'ma 3 koloko anatuluka kukawerenga nyenyezi, n'kupeza kuti zikupitirira zisanu. Fanta naye anathandiza kuti asagone. Anafika pa 11, kireti ndi theka osaikwanitsa, ndipo mpaka lero akaona botolo la lalanje amayang'ana kumbali.

Bilu itabwera anaiwerenga mzere ndi mzere monga amachitira ndi seloshiti. Pansi panali msonkho wa VAT, ndi kena ka 1 peresenti ka zokopa alendo.

"Ine ndakopedwa ndi ndani? Ndinabwera ndekha."

Analipira. Potuluka anandiuza kuti pepala la fodya ndi pepala la hotela analemba ndi munthu mmodzi, kungoti pogulitsa amachotsera, pogula amawonjezera.

Tisanakwere sitima tinapita kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Munthu ukachiona umadabwa kuti chinyumba chotere chinafika bwanji pa kachilumba ka milambe ndi miyala, koti wamiyendo yolimba amakayenda kuchokera kumpoto mpaka kumwera tsiku lisanapendeke. Ine ndinkayang'ana zipilala ndi mawindo a magalasi amitundumitundu. Asibweni, Mprezibeteriya pakhomo la Aanglikani, anaima panja manja kumbuyo, khosi chagada, akuyang'ana denga. Linali la malata.

"Awa ndiye anamaliza kumanga," anatero.

* * *

Patapita mwezi ndinapita ku Bolero kukatenga ufa. Kuseri kwa nyumba kuli khitchini yakale ya udzu imene asibweni akhala akulonjeza kuigwetsa chaka chilichonse, ndipo malata ake anali atagula kale. Ndinapeza malata aja ali pansi pa bedi, khitchini ili chiimire, udzu watsopano padenga, pansi pozira bwino, bafa la bango pambali lopanda denga. M'kati munali bedi, masikito, kandulo pa botolo, ndi kathaulo kamene ndinakazindikira, katapindidwa mofanana ndi nkhuku yodwala chitopa.

"Foni muno simugwira," anandiuza monyadira. "Magetsi mulibe. Nyenyezi agogo ako awerenga, akuti ndilembe zonse. Njovu tikambirana ndi mnzanga wa ku Vwaza. Iwe undilembere chikwangwani m'Chingerezi cha m'mphuno, mtengo m'madola, munthu mmodzi, usiku umodzi, ngakhale agone awiri."

"Nanga chilumba, asibweni? Pano palibe madzi."

"Ubwere mu Febuluwale mvula itakwiya, udzaone ngati pakhomo pano pamafika galimoto."

Amama anali pamkeka akusankha nyemba, pambali pawo pali makina osokera atsopano amene anatuluka m'chitini cha utoto. Ndinawafunsa chapansipansi kuti alendo oyamba akuyembekezeka liti.

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Kaya mawa."